Machira pa Mphuno ya Sajeni

Mlamu wanga Rosamel anayamba kundiseka tisanatuluke n'komwe m'tauni ya Lonquimay. Galimoto inali yake, ndiye ndinalibe kothawira.

"Alamu, pa fomu paja mwalembapo chiyani? Pamene akufunsa kuti luso lanu lafika pati paja?"

"Ndalemba zoona."

"Zoona zake ziti?"

"Wapakati."

Anaseka mpaka galimoto inakhotera kumene sikunali msewu. "Wapakati! Munthu ukupita kukayesedwa kuti uzikapulumutsa anthu paphiri, iwe n'kulemba kuti wapakati? Bola mukanangolemba kuti mwabwera kudzagulitsa buledi."

"Nanga inuyo mwalemba chiyani?"

"Mabokosi analipo anayi: woyamba kumene, wapakati, wodziwa, katswiri. Ine ndajambula lachisanu pansi pake n'kuchonga mmenemo."

Rosamel anakwatira mkulu wanga Herminia, ndipo ntchito yake ndi yokwera mapolo a magetsi. Anavala matabwa otsetserekera pa chipale ali ndi zaka zinayi. M'foni mwake muli kanthu koyeza liwiro, ndipo tsiku lina kanamuuza kuti wathamanga makilomita 97 pa ola. Nambala imeneyo anaionetsa kwa aliyense, ngakhale kwa wansembe pa ubatizo wa mwana wake.

Ine ndine Fresia, ndimaphika buledi. Matabwa ndinayamba kuwavala ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mwamuna wanga Nibaldo atandigulira akale kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse la nyengo yachisanu ndimatseka uvuni n'kukwera phiri, kaya kuli dzuwa, kaya nkhungu, kaya mphepo ija imachotsa malata. Zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Sindithamanga, chifukwa ndikathyoka dzanja palibe amene adzandikandire ufa. Anthu akandifunsa chimene ndinkafunira kulowa gulu lopulumutsa anthu, ndinkayankha kuti Lolemba amakhala operewera. Zinali zoona ndithu. Koma zoona zina n'zakuti jekete yofiira ija, ya mtanda woyera kumsana, ndinkaisirira ngati mwana.

Tinafika poimika magalimoto dzuwa likungowomba nsonga ya phiri. Don Baldomero Quilaqueo anali atakhala pa bokosi la zida pakhomo pa kanyumba ka gululo, akupemerera tiyi. Akhala mkulu wa opulumutsa anthu paphiri pathu zaka makumi atatu. Ndi munthu wa makilo 110, wa ndevu zapamlomo zoyera, ndipo akamayenda pansi amadzandira ngati bakha. Akavala matabwa m'pamene umazindikira kuti kuyenda pansi si ntchito yawo.

Oyesedwa tinalipo anayi: ine, Rosamel, ndi anyamata awiri apachibale ochokera ku Curacautín, atavala zovala zofanana zatsopano.

"Mwadzuka bwanji Don Baldomero? Mayeso ayamba nthawi yanji?" anafunsa Rosamel.

"Ayamba kale. Kuchokera pagalimoto yako kufika pano ndaona zambiri."

"Mwaona chiyani?"

"Iwe wamanga nsapato zako ukuyang'ana amene akukuyang'ana. Awawa anyamula matabwa ngati akupita kukagulitsa nkhuni. Fresia wayang'ana kumwamba kawiri, ndipo sizinamusangalatse."

"Kuli mtambo kuseri kwa phiri," ndinatero. "Pofika masana tikhala mu nkhungu."

Don Baldomero anatulutsa mafomu athu, n'kuyang'ana la Rosamel nthawi yaitali.

"Bokosi ili walitcha chiyani?"

"Sindinalitche dzina, bwana. Dzina lake silinapezekebe."

"Tilipeza lero."

Tonse tinkaganiza kuti atitengera kumwamba kwenikweni. M'malo mwake anatiimika pamwamba pa njira yobiriwira, ya ophunzira, imene ngakhale mpira ungaganize kawiri usanagubuduke.

"Mutsike mukukhota, matabwa ali pambalipambali, osakumanitsa nsonga ngati pulawo. Osaima. Amene afike pansi pomalizira ndi amene wapambana."

"Pomalizira?" Rosamel anachotsa magalasi. "Bwana, mwina lilime laterereka."

"Pomalizira. Kuthamanga kumabisa zambiri, ngati panjinga. Ndikufuna ndione chimene chimatsala liwiro likachoka."

Kwa ine imeneyi inali mphatso. Kuyenda pang'onopang'ono ndi kumene ndakhala ndikusekedwa nako zaka khumi ndi chimodzi. Ndinatsika ngati ndikupaka batala, kukhotera uku, kukhotera uko, ndikumva chipale pansi pa phazi lililonse. Rosamel anali patsogolo panga, ndipo zinali zomvetsa chisoni. Miyendo yake sinkadziwa chochita. Manja ankapalasa mphepo, matako ankapita kwina mapewa kwina. Pakati pa njira panali gulu la amayi a kalabu ya opuma ntchito, amene amabwera pa basi kudzaphunzira Lolemba. Rosamel anawadutsa pa liwiro la nkhono, thabwa lina linakwera pa linzake, ndipo anagwa chagada pamaso pawo penipeni.

"Musataye mtima bambo," anatero mayi wina wa chipewa cha maluwa. "Ifenso sabata yoyamba tinkatero. Pindani mawondo."

Ine ndinaluma golovesi kuti ndisagwe ndi phwete.

"Alamu," anatero Rosamel ndikumudutsa, akadali pansi, "mukakauza Herminia, ndikudulirani magetsi."

Kenaka tinakwera mpando wapachingwe kupita pamwamba. Anyamata aja anatsogola, ife atatu tinakhala mpando umodzi, Don Baldomero pakati, mpando utapendekera kumene iwo afuna. Pansi pathu anthu ankatsika njira yofiira, yovutirapo kuposa yobiriwira ija, imene mmawa umenewo inali yolimba ngati simenti.

Rosamel sanathe kupirira. "Bwana, tandiuzani zoona. Ine ndatsika njira zakuda zonse za phiri lino, zoopsa zija, zina cham'mbuyo. Ngati ameneyo si katswiri, katswiri ndi ndani?"

"Njira yakuda unaitsika liti?"

"Kambirimbiri."

"Ndikufunsa tsiku. Njira ija ya Mphuno ya Sajeni, ya Lachiwiri si ya Lachitatu. Chikwangwani chokha ndi chimene sichisintha. Munthu akandiuza mtundu wa njira imene amatsika, sanandiuze kanthu." Anatsinzina. "Tamverani uyo akubwerayo."

Tinamva matabwa akukwecha chipale cholimba, khwaaa, nthawi yaitali.

"Wapakati. Akukhota ndi mapewa, thabwa likungothawa. Wavala zokongola kapena?"

Ndinasuzumira. "Zokongola kwambiri."

"Ee, kawirikawiri. Nanga uyu."

Uyu ankamveka mwachidule, tswi, tswi, tswi, ngati mpeni panolo.

"Ameneyo akudziwa. Koma mwendo wakumanzere ukumupweteka."

Anali mphunzitsi wina wapaphiripo, amene tonse tikudziwa kuti anachitidwa opaleshoni ya bondo chaka chatha. Rosamel ananena kuti Don Baldomero anasuzumira ndi diso limodzi. Mwina anaterodi.

Mayeso achiwiri anali kuseri kwa chitunda, kunja kwa njira zosalazidwa, pamwamba pa mitengo ya pewen. Kumeneko chipale chinali chankhoko: cholimba pamwamba, chofewa pansi, chimene chimakunyamula masitepe atatu n'kukumeza lachinayi. Anyamata a ku Curacautín anagwa kasanu aliyense. Mmodzi anabowola nkhoko ndi mutu n'kutsala miyendo yokha ikupalasa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Rosamel anatsika mokongola. Anadumpha kuchoka kukhota kwina kufika kwina ngati mbawala, zidutswa za chipale zikuuluka kumbuyo kwake, ndipo anakuwa mpaka mawu anabwerera kuchokera kuphiri linalo. Ine zimenezo sindingazithe ngakhale nditabadwanso. Ndinatsika mwaulesi, kudula phiri chopingasa mpaka uko, kutembenuka, kudulanso. Zosakongola n'pang'ono pomwe. Koma sindinagwe.

Pansi pake Don Baldomero anatifunsa funso limodzi. "Rosamel, chipale chimenechi chili bwanji?"

"Chokoma!"

"Chili bwanji?"

"Bwana, ndinalibe nthawi yochiyang'ana."

"Fresia?"

"Chili ngati buledi wotulutsidwa msanga," ndinatero. "Pamthunzi wa miyala nkhoko ndi yochindikala, ikunyamula munthu. Pamene panawomba dzuwa dzulo masana ikuswekera. Ndiye ndimatembenukira pamthunzi pokhapokha."

"Mwamva? Amadya chipale awa," anatero Rosamel. Don Baldomero analemba kanthu m'kabuku n'kukabweza m'thumba.

Titadya, nkhungu ija inafika monga ndinanenera, ndipo nayo panabwera mayeso amene aliyense amawaopa: machira. Awa ndi machira otsetsereka onyamulira ovulala. Kutsogolo ali ndi zogwirira ziwiri zazitali zachitsulo, mmene amalowa wowongolera. Kumbuyo kuli chingwe chimene amagwira mnzake kuti asathawe. Kunsi kuli tcheni chimene umachigwetsa kuti chilume chipale pakatsetsereka kwambiri. Malo ena amaika matumba a mchenga m'machiramo poyesa anthu. Kwathu amagonamo Don Baldomero eni ake.

"Maso anga atha kunamizidwa," anatero akuvula matabwa awo n'kuwazika m'chipale pamwamba pa phiri. "Msana wanga sunanamizidwepo."

Anyamata aja anayamba, pa njira yofiira. Patatha theka la ola anabwerera pa mpando wapachingwe onse atatu, machira atawakoloweka kumbuyo. Don Baldomero anali ndi chipale m'ndevu, m'khutu ndi m'khosi. Palibe amene anafunsa kanthu.

"Inu awiri," anatero akudzikutumula. "Mphuno ya Sajeni."

Mphuno ya Sajeni ndi njira yakuda yoipitsitsa paphiri pathu. Imayamba bwinobwino, yotakata, kenaka imapanikizika pakati pa matanthwe awiri n'kugwa pansi mwadzidzidzi, ndipo pamenepo mphepo imasesa chipale chonse n'kusiya ayezi wobiriwira.

Rosamel anali atalowa kale pakati pa zogwirira, akupukusa mapewa.

"Tuluka. Fresia kutsogolo. Iwe chingwe."

"Ine chingwe? Bwana, chingwe ndi cha..."

"Cha ndani?"

"Changa, bwana."

Don Baldomero anagona m'machira, tinawamanga malamba atatu, ndipo anaphimba nkhope ndi chipewa ngati munthu amene akupumula m'munda mwake. Ndinagwira zitsulo zija. Sindinaganizepo kuti makilo 110 angakhale ndi maganizo awoawo, koma anali nawo, ndipo onse ankafuna kukafika pansi ine ndisanafike.

Tinayamba kutsika. Sindinkaona kupitirira ndodo ziwiri za m'mbali mwa njira. Kumbuyo Rosamel sanatseke pakamwa.

"Alamu, mwaima kapena mukuyenda? Ndikufunsa chifukwa ndevu zikumera kuno."

"Gwirani chingwe, alamu."

"Wodwala wanuyu wafa ndi ukalamba."

"Ndikumva," anatero mawu ochokera pansi pa chipewa.

Titayandikira pamatanthwe ndinamva munthu akuimba. Poyamba ndinayesa kuti ndi mantha anga. Koma inali nyimbo ya kutchalitchi, mawu achimuna onjenjemera, m'Chipwitikizi. Ndinagwetsa tcheni, ndinapingasa matabwa, n'kuima.

"Ndani wati uime?" anafunsa Don Baldomero.

"Kuli munthu."

Anali pansi pathu pang'ono, pakamwa penipeni pa malo opanikizika paja: bambo wa zaka ngati makumi asanu, atavala zachikasu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, atakumbatira ndodo ya m'mbali mwa njira ndi manja onse awiri. Thabwa limodzi linali kuphazi, linalo kunalibe. Atationa anasiya kuimba n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Angelo! Mulungu wanditumizira angelo! Ndipo abwera ndi bedi!" Kenaka anaona kuti m'bedimo muli munthu. "Ayi, mwadzaza kale. Mayo, ameneyo wamwalira?"

"Sindinamwalire," anatero Don Baldomero. "Tandimasulani."

Bamboyo anali Valdecir, wogulitsa matayala wa ku Brazil, amene anabwera ndi mkazi wake kudzaona chipale kachiwiri m'moyo wake. Pamene Don Baldomero ankamugwiragwira bondo, iye ankafotokoza mosapumira, theka m'chinenero chathu theka m'chakwawo. Pobwereka matabwa mmawa, mtsikana wapakauntala anamufunsa kuti luso lake lafika pati. Mkazi wake anali pomwepo. Kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu.

"Ndiye mukanatani inuyo, bwana? Chaka chatha ndinatsetsereka masiku atatu athunthu. Tsiku lachitatu sindinagwe mpaka masana. Ndinati katswiri."

"Anthu ena amajambula ndi bokosi lawo lomwe," ndinatero. Rosamel anakoka chingwe mwadala mpaka ndinagwedezeka.

Bondo linali litapotoka, osati kuthyoka, koma munthuyo sakanaima. Don Baldomero anamumanga mwendo ndi zomangira za m'machira momwemo, n'kulankhula pa kawailesi kawo. Machira ena anali kuseri kwa phiri ndi mayi wina wothyoka phewa, ndipo akanatenga pafupifupi ola kuti afike. Milomo ya Valdecir inali itayamba kale kuda ndi kuzizira.

"Chabwino," anatero Don Baldomero. "Mayeso akupitirira. Wasintha ndi wodwala yekha."

Ndinawakokera pambali mmene zitsulo zinandilolera. "Bwana, uyu ndi munthu weniweni."

"Ine ndinali wapulasitiki?"

"Sindikutero. Ndikuti mutenge ndinu. Ine pa ayezi paja..."

Analoza mapazi awo. Nsapato zokhazokha. Matabwa awo anali atazikidwa pamwamba pa phiri, kumene anawasiya.

"Ako sangandikwane, ndipo a Rosamel ndikuwafuna kumbuyoko. Fresia, ndagona m'machira awa kuchokera pamwamba ndipo ndinatsala pang'ono kugona tulo. Mutenge."

Tinamugoneka Valdecir, tinamufunditsa, tinamumanga. Don Baldomero anatenga thabwa limodzi lija la Valdecir, anasuntha chomangira nsapato ndi chala mpaka chinakwana, anapondamo phazi lamanja, lamanzere analikweza m'mwamba ngati dokowe.

"Ndikutsogolerani. Muzitsata mawu anga."

Ndipo anapita. Bambo wa makilo 110, wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, pa mwendo umodzi, pa thabwa lobwereka, opanda ndodo, pa Mphuno ya Sajeni, mu nkhungu. Anatsetsereka chammbali pang'ono, n'kukhota kamodzi, kawiri, mofatsa ngati akutsika masitepe a kunyumba kwawo, n'kuzimirira.

Rosamel anayiwala kuseka. "Alamu, mwaona zimene ndaonazi?"

"Gwirani chingwe."

"Fresia!" anakuwa mawu pansi mu nkhungu. "Tsatira tanthwe lakumanzere, kuli kachipale kouluzika ndi mphepo. Kumanja usayerekeze."

Ndinapingasa matabwa, ndinayang'ana kutsika, ndinafewetsa mawondo, n'kuyamba kutsetsereka chammbali. Tcheni chinkalira pansi. Mkono umodzi, iwiri, itatu. Valdecir ankapemphera mokweza, akutchula oyera mtima amene sindinawamvepo. Kenaka anasiya.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Fresia."

"Mayi Fresia, mwakhala mukugwira ntchito imeneyi zaka zingati?"

"Musalankhule nawo, akuwerenga," anatero Rosamel kumbuyo, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Pakati penipeni pa matanthwe kachipale kaja kanatha. Thabwa langa lakumunsi linaponda ayezi, n'kuthawa. Ndinamva zitsulo zikundikankha m'chiuno, machira akuyamba kupotokera kumanja, tcheni chikungokwecha osaluma. Sindinakuwe, chifukwa mpweya ndinalibe. Ndiye zonse zinaima, gwa, ngati wina wagwira phiri lonse pakhosi.

Ndinacheuka. Rosamel anali atakhala m'mphepete mwa matabwa ake, atawazika mu ayezi, chingwe atachizunguliza m'chiuno, nkhope itafiira ngati jekete ija ndinkaifuna.

"Ndakugwirani, alamu," anatero motsitsa mawu. "Pezani phazi. Musafulumire."

Sindinamumvepo Rosamel akuuza munthu kuti asafulumire. Ndinabweza thabwa, ndinalumitsa m'mphepete mwake, ndinapeza kachipale kena kakang'ono ngati thaulo, n'kupondapo. Tinatsika malo aja chikhatho ndi chikhatho, iye akumasula chingwe pang'onopang'ono, osanena liwu ndi limodzi lomwe.

Pansi pa matanthwe njira inatakasuka, ndipo patangopita pang'ono tinatuluka mu nkhungu ngati tatsegula chitseko. Dzuwa lili phwee, chigwa chonse chikuoneka, mitengo ya pewen, madenga, basi ya amayi opuma ntchito. Don Baldomero anali ataima pamenepo pa mwendo wawo umodzi, atanyamula thabwa lina la Valdecir limene analitola m'njira.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinayamba kuseka, osatha kusiya. Rosamel anayamba nayenso. Valdecir anafunsa ngati tafika kumwamba kapena pansi, ndipo atamva kuti zoopsa zatha anayambitsa nyimbo ina, yovinira tsopano, akuwomba m'manja pansi pa bulangete. Ndinakweza tcheni, ndinawongola matabwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinawalola machira kuthamanga pang'ono.

"Alamu, chepetsani liwiro!" anakuwa Rosamel, ndipo anaseka mpaka kutsamwa.

Pansi tinapeza namwino akudikira, pamodzi ndi mkazi wa Valdecir ndi khamu la anthu amene anamva kuti kukubwera wovulala. Ndinaimika machira pakhomo penipeni pa chipinda cha namwino, mwaulemu, osagwedeza ngakhale pang'ono. Anthu anawomba m'manja. Mkazi uja anapsompsona mwamuna wake pamphumi, n'kumumenya ndi golovesi pamalo omwewo. Valdecir anandigwira dzanja n'kulonjeza kuti ndikadzapita kwawo adzandipatsa matayala anayi aulere, ngakhale ndinamuuza kuti ndilibe galimoto.

Ndinatuluka m'zitsulo muja, ndinaweramira anthu pang'ono ngati woimba, n'kutembenuka kuti ndizipita. Miyendo inakana. Inangosanduka phala. Pamalo osalala ngati tebulo, ndisakuyenda n'komwe, ndinapendekeka pang'onopang'ono n'kugwera pa choyedzekapo matabwa cha pakhomo pa lesitilanti. Matabwa a anthu makumi atatu anagwa motsatizana, phokoso lake ngati lole yakhuthula mapaipi, ndipo ine ndinatsala pansi pake ndikuyang'ana kumwamba.

Nkhope yoyamba kuonekera inali ya mayi uja wa chipewa cha maluwa.

"Inunso? Ndinu a banja limodzi ndi bambo aja?"

"Ndi mlamu wanga," ndinatero.

"Zikuoneka."

Cha m'ma folo koloko tinasonkhana m'kanyumba ka gulu. Panali tiyi ndi masopaipiya otentha, mandasi a kwathu kuno, ndipo ine ndinadya asanu. Don Baldomero anatsegula kabuku kawo. Anyamata a ku Curacautín anauzidwa kuti adzabwerenso mu Sepitembala, ndipo kuti pakadali pano aziyeserera ndi matumba a mbatata, chifukwa mbatata zilibe msana.

"Rosamel. Mmawa unali utalephera. Pa nkhoko paja unali utalepherabe, ngakhale ndivomereze kuti ndinasirira. Pachingwe wakhoza. Koma mwezi wathunthu, usanakwere pamwamba, uzitsika njira yobiriwira katatu, pang'onopang'ono."

"Anthu akuona?"

"Makamaka anthu akuona. Fresia, wakhoza."

Ndinafuna kunena mawu aulemu, koma chimene chinatuluka chinali kamkuwe kangati ka nkhuku. Nditapeza mpweya ndinafunsa chimene chinali pamtima.

"Ndiye kuti ndine katswiri, bwana?"

"Ayi."

"Aa!"

"Pa fomu unanama, suli wapakati. Ndiwe wodziwa. Koma ukamakhotera kumanzere dzanja lako limatsalira kumbuyo ngati waiwala chikwama, ndipo liwiro umaliopa mopitirira. Tsiku lina munthu adzakhala akutaya magazi ndipo udzafunika kufika msanga. Uyu akuphunzitse zimenezo."

Rosamel anadzitukumula. "Ndiye katswiri ndine."

"Iwe ndiwe katswiri wa tsiku labwino. Awiri inu nditakuikani mu mtondo n'kusinja, ndingapezemo katswiri mmodzi, n'kutsalako chitsiru chokwanira."

"Nanga inuyo, bwana?" ndinafunsa. "Mwendo umodzi uja?"

Anatafuna sopaipiya nthawi yaitali. "Masiku ena. Dzana ndinagwa potsika pampando, pamaso pa ana a sukulu. Musalembe zimenezo."

Jekete zofiira zinalipo ziwiri m'kabati. Ya Rosamel inamukwana. Yanga inali ya munthu wina wamtali amene anasamukira ku Punta Arenas, ndipo inandifika m'mawondo, manja ake akulendewera ngati makutu a galu. Ndinakana kuivula. Anatipatsanso kawailesi kolankhulirana aliyense kake, n'kutiuza kuti tikawerenge kapepala kake kunyumba.

Pobwerera, m'galimoto, ndinakakumbatira kawailesi kaja pachifuwa ndi manja onse awiri. Tinaimba nyimbo ya Valdecir ija, ngakhale sitinkadziwa mawu ake. Kenaka tinayamba kukambirana za tsikulo.

"Koma alamu, mdala uja ndi wolemera," ndinatero. "Makilo 110 ake ati? Anayezedwa ali mwana ameneyo."

"Poyamba paja ndimayesa tanyamula ng'ombe."

"Ng'ombe ili ndi ulemu, simalankhula pansi pa chipewa."

"Ndipo mwaona mmene amayendera pansi? Tadikirani ndikuonetseni." Rosamel anayamba kugwedeza mapewa uku ndi uku pachiwongolero, akulira ngati bakha, ine misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Nditasuntha dzanja kuti ndipukute maso, kawailesi kanatsokomola. Munamveka anthu ambiri akuseka, ena patali ena pafupi, woyendetsa mpando wapachingwe, namwino, mtsikana wa matikiti. Kenaka mawu amodzi odekha.

"Fresia."

Ndinayang'ana Rosamel. Rosamel anayang'ana msewu.

"Wawa, bwana."

"Batani la pambalilo ndi lolankhulira. Ukalifinya limamva phiri lonse. Wakhala ukulifinya kuyambira pa mlatho."

"Pepani, bwana."

"Makilo ndi 116. Lolemba seveni koloko, nonse awiri. Mubwere ndi buledi."